Masamba Panjira ya ku Marka

Achimwene anga a Humphrey anandiimbira foni Lachitatu masana, ndili pa siteji ya kabaza ku Nsanje boma, ndikumangirira dengu la milamba youma pakaliyala. Anati Loweruka abwera ndi anzawo asanu ndi awiri ochokera ku Blantyre, aliyense pa njinga yake yamoto, ndipo akufuna kukafika ku Marka osadzera msewu waukulu. Akufuna matope. Ndinawafunsa kachiwiri ngati ndamva bwino, chifukwa ife a kabaza matope timawazemba ngati apongozi. Zoti munthu wa mutu wake achoke ku Blantyre konse, atsike mapiri a ku Chikwawa, kudzafunafuna matope mwezi wa Febuluwale, zinandikanika kumvetsa.

"Iwe ndi amene ukudziwa tinjira tonse ta uko," anatero. "Ukatitsogolere. Ndawauza kale kuti mng'ono wanga ndi katswiri."

Mawu oti katswiriwo ndi amene anandimaliza. Achimwene sayamikira munthu wamba. Bambo athu atamwalira ndili sitandade 3, iwo ndi amene anakhala mutu wa pakhomo, ndipo ngakhale atapita kutauni n'kuyamba kuyankhula Chingerezi ndi agalu omwe, ine ndinkawaonabe ngati bambo. Ndi iwonso amene anali nkhoswe yanga. Mwezi wa Novembala anavala jekete n'kupita kwa bambo Fernando kukandifunsirira mwana wawo Rosa, ndipo anakayankhula mwaulemu moti akuluakulu a kumeneko anatsala akuwatama. Chinkhoswe chinali choti chichitike mu Epulo, mapira akacha. Ine zaka ziwiri zathunthu ndinali ndikukhalira zimenezo, nyumba nditafolera kale malata.

Ndiululiretu pano, chifukwa sindikufuna kudziyeretsa. Njira zopita ku Marka mozemba msewu zilipo zingapo, koma ine ndinasankha yodutsa m'mudzi mwa Rosa. Ndinkafuna andione. Ndinkafuna aone Geresomo wake, amene tsiku ndi tsiku amanyamula nsomba ndi mbuzi za eni, ali patsogolo pa mabwana asanu ndi atatu. Chibwana chimenecho ndi changa ndipo sindinachikanepo.

Anafika Loweruka cha m'ma seveni. Njinga zake zimenezo! Zazitali ngati ng'ombe za ngolo, matayala a mano akuluakulu, zikwama zachitsulo m'mbali. Eni akewo anali atadzikulunga m'zikopa ndi mapulasitiki kuyambira m'khosi mpaka kumapazi, ndi kutentha kwa Nsanje konseku, ndipo akatseka mahelemeti awo sukanadziwa kuti uyu ndani, uyo ndani. Panali azungu awiri, mayi mmodzi dzina lake Maureen, ndipo otsalawo anali azibambo a m'maofesi, a mimba zawo. Kanjinga kanga kamoto kataima pakati pawo, anzanga a pa siteji anaseka mpaka kugwira nthiti. Achimwene anandiveka chovala cha olenji chonga chomwe onse anavala pamwamba, nati, "Lero ndiwe mmodzi wa ife." Ndinasangalala zosabisa, mano onse panja.

Tinatuluka m'boma kulowera kummwera, n'kusiya msewu kukhotera m'minda ya kwa Malemia. Mvula inali itagwa sabata yonse. Dothi la kuno ndi makande, ndipo makande akanyowa salimbana nawo. Umakhala pa giya yachiwiri, miyendo yonse pansi, buleki ya kutsogolo osaikhudza, ndipo umayenda pamwamba pa udzu osati pakati pomwe zaponda ng'ombe. Ndinawauza zonsezi tisanalowe. Anagwedeza mitu mwaulemu, kenako aliyense anachita zake.

Woyamba kugwa anali bambo wina wonenepa amene pochoka ankadzitama kuti anayendapo mpaka ku Beira. Njinga inamutaya chagada m'chithaphwi, ndipo kuti tiidzutse tinachita kugwirizana anthu anayi. Ine ndinkayembekeza kuti akwiya, koma mkuluyo anadzuka akuseka, matope mpaka m'makutu, n'kupempha kuti amujambule asanapukute. Atagwa wachiwiri anaombera m'manja. Pofika wachinayi nanenso ndinali nditayamba kuseka nawo.

Pakamtsinje kena ndinatsika, ndinavula nsapato, n'kuwoloka wapansi kufufuza pomwe pali mchenga wolimba. Kenako ndinaima m'madzi ofika m'mawondo kuwalozera podutsa, iwo n'kumawoloka mmodzimmodzi, injini zikulira, madzi akuthovoka mbali zonse, otsala kutsidya akukuwa. Kanjinga kanga kanawoloka komaliza, kosavuta n'komwe, ndipo mzungu mmodzi anabwera kudzakayang'ana pansi ngati kali ndi mankhwala. Achimwene anatsegula galasi la helemeti n'kunena mokweza kuti, "Ndinakuuzani!" Ndinene zoona, m'mawa umenewo unali wokoma. Chiyambireni kabaza ndinali ndisanayendepo panjinga popanda katundu kumbuyo kapena munthu wondifulumiza kuti akapeze msika.

Cha m'ma leveni tinafika padambo lomaliza, lomwe ukalidutsa umakwera kamtunda n'kulowa m'mudzi mwa Rosa. Onse anadutsa movutikira kupatula a Maureen. Tayala lawo lakutsogolo linatola makande mpaka kudzaza m'madigadi, gudumu n'kukana kuzungulira, ndipo njinga inawagwera pamwendo. Sanavulale kwenikweni, koma njingayo sikanasuntha popanda kukolopola dothi lonselo ndi kamtengo, ntchito yofuna munthu wopirira. Ndinagwada n'kuyamba.

Enawo anadikira pang'ono, kenako anayamba kuyang'ana kumwamba. Mitambo inali ikuda cha ku mapiri. Achimwene anabwera pomwe ndinagwadapo.

"Iwe malizitsa, utipeza. Anthuwa ndiwatsogolera ine."

"Mukafika pamjigo paja pali migwalangwa itatu muime, achimwene. M'mudzi tikalowe limodzi."

"Ndinabadwira konkuno ine, mphwanga. Ukufuna undiphunzitse njira ya kwathu?"

"Si njira ayi. Kungoti ndi kwa apongozi."

"Pamjigo, ndamva," anatero akuseka, n'kutseka galasi.

Ndinawamva akukwera kamtunda kaja, phokoso likuchepa pang'onopang'ono. Ine ndi a Maureen tinatha pafupifupi theka la ola tikukolopola, iwo akundifunsa za Rosa, ine ndikuyankha monyadira ngati ndakwatira kale.

Pamjigo panalibe munthu. Mizere ya matayala inangodutsa osakhota n'komwe. Ndinadzilimbitsa mtima kuti mwina aima patsogolo pomwe pali mthunzi. Titayenda pang'ono ndinaona masamba.

Zinali nthambi za nimu zaziwisi, zoyalidwa mopingasa njira monga timachitira m'mudzi mukagwa zovuta. Mwana aliyense wa kuno amadziwa kuti ukafika pamasamba umatsika, kuzimitsa injini, kuvula chipewa, n'kukankha njinga mpaka utadutsa masamba a mbali inayo. Koma nthambi izi zinali zitapondedwa, zina zitakwiririka m'matope, ndipo pamwamba pake panadutsa mizere isanu ndi iwiri ya matayala a mano akuluakulu.

Ndinazimitsa injini, ndinavula helemeti, n'kuwauza a Maureen kuti achite chimodzimodzi. Tinayamba kukankha. Chimene chinandiopsa kwambiri n'choti kunalibe nyimbo. Maliro a masana sakhala zii chotero.

Tinawapeza pamalo pomwe njira imapanikizika pakati pa minda iwiri ya mapira, madzi ali mbali zonse. Anthu anali ataimirira m'mindamo, ena m'madzi. Amayi a kwaya malaya awo oyera anali madonthomadontho akuda kuyambira kumapewa. Mmodzi wa adzukulu anali atakhala pansi atagwira bondo. Bokosi linali pamwamba pa zitenje zomwe amayi anayala mofulumira, ngodya yake imodzi ili matope okhaokha, ndipo mayi wina ankalipukuta ndi duku lake akulira chamumtima. Pambali pa bokosilo panaima bambo Fernando. Kumbuyo kwawo kunali Rosa.

Omwalirayo anali mayi Anna, alongo awo a bambo Fernando, azakhali ake a Rosa amene anamulera ali wamng'ono. Anatisiya Lachisanu madzulo. Mafoni a m'mudzimo anali atazima chifukwa masola sanaone dzuwa sabata yonse, ndipo uthenga womwe Rosa ananditumizira kudzera kwa wakabaza wina unafika pa siteji ine nditanyamuka kale. Zomwe zinachitika ndinazimva pambuyo pake. Mtembo utangonyamuka pa siwa, anthu anamva chiphokoso kumbuyo. Njinga yoyamba inabwera ikuliza hutala osachepetsa liwiro, anthu n'kudumphira m'mapira, mdzukulu mmodzi n'kuterereka, bokosi n'kugwa. Zotsatirazo zinadutsa motsatizana zikumwaza matope. Palibe ndi imodzi yomwe imene inaima.

Ndiye taganizani, anthu asanapume n'komwe, akuona munthu akubwera akukankha njinga atavala chovala cha olenji chomwechija. Anyamata anandithamangira. Wina anandigwira pakhosi, wina anagwetsa kanjinga kanga m'madzi, ndipo khofi limodzi linandipeza pakhutu. Sindinadziteteze. Ndikanakhala ine ndikanamenya koposa pamenepo.

"Musiyeni," anatero bambo Fernando, osakweza mawu. "Tiike kaye mlongo wanga."

Ndinavula chovala chija n'kuchiponya m'mapira. Ndinapita nawo kumanda, ndipo pofotsera ndinapempha khasu, koma palibe anandipatsa. A Maureen anakhala ndi amayi atagwira pakamwa, ndipo mwambo utatha anyamata awiri anawakankhira njinga yawo mpaka kumsewu waukulu. Sindinawaonenso, ndipo foni yawo sinayankhidwepo ndikaimba.

Anthu atayamba kubalalika, bambo Fernando anandiitanira pambali.

"Mphale iwe, anthu aja ndi ako?" anafunsa. Mphale ndiye mnyamata m'Chisena chathu.

"Ndi alendo a ku Blantyre, baba. Amene ndimawatsogolera ndine. Ndinatsalira padambo."

"Njira ino anawalozera ndani?"

"Ndine."

"Nanga amene anali patsogolo, woliza hutala uja, ndani?"

Ndikanawauza bwanji kuti ndi munthu yemwe uja anakhala pampando wawo mwezi wa Novembala, n'kumwa thobwa lawo? Ndinayang'ana pansi ndi kunena kuti sindinaone.

"Pakapita milungu itatu, tikatha kumeta, ubwere ndi akwanu," anatero. "Nkhani iyi si yokamba ndi iwe wekha."

Rosa sanandiyang'ane ngakhale kamodzi.

Nditakankha njinga mpaka pamjigo ndinaimba foni. Achimwene anayankha kachitatu. Kumbuyo kwawo kunkamveka kuseka ndi mabotolo, zoonetsa kuti anali atafika ku Marka bwinobwino.

"Achimwene, mwachita chiyani?"

"Wanditchula?"

Limenelo ndilo linali funso lawo loyamba. Sanafunse kuti wamwalira ndani, sanafunse ngati ndili moyo.

"Sindinakutchuleni. Koma bokosi lagwa, achimwene. Ndi azakhali ake a Rosa."

Anayamba kufotokoza kuti masamba anawaona mochedwa, kuti pamakande ukaponda buleki umagwa, kuti akanaima onse a kumbuyo akanawagunda. Ndinawauza kuti kuchokera pamasamba kukafika pomwe panali anthu ndi mtunda woti ngakhale ngolo ikhoza kuima. Ndinawafunsanso chifukwa chomwe sanadikire pamjigo. Anati mvula inali pafupi ndipo alendo anali ndi njala.

"Tamvera, mphwanga," anatero, mawu atafewa. "Ndalakwa, ndavomera. Koma usanene kanthu. Ukandiulula iwe zidzaoneka ngati ndimabisala. Ndibwera ndekha, ndikagwada, ndikanena zonse ndi pakamwa panga. Ukwati wako sungathe chifukwa cha ine. Ndine mkulu wako."

Ndinawakhulupirira. Mpaka lero ndikaganiza momwe mtima wanga unakhalira pansi atanena zimenezo, ndimadzida.

Milungu itatu ija inali yowawa. Nkhani inafika pa siteji ine ndisanafike. Amayi ogula nsomba a mbali ya kummwera, omwe kale ankachita kundidikira, anayamba kundidutsa n'kukakwera anzanga. Wina anandilavulira pafupi ndi phazi. Kutchalitchi benchi yomwe ndinakhala inatsala ndi malo mbali zonse ziwiri. Ndinapirira, ndikudziuza kuti tsiku likubwera lomwe zonse zidzayera. Ndinagula mbuzi yaikazi yonenepa ya chipepeso, ndipo ndinkaidyetsa masamba a mbatata ngati kuti ndiyo ikandiyankhulire.

Tsikulo achimwene anabwera pagalimoto, atavala suti yakuda. Tinaisiya pasukulu ya m'mbali mwa msewu n'kuyenda wapansi, ine ndikukoka mbuzi. Matope anali atayamba kuuma. Titafika pomwe panali masamba paja ndinawayang'ana, koma iwo ankapukuta nsapato ndi kampango.

"Mukayamba bwanji?" ndinafunsa.

"Zisiye kwa ine. Iwe mwambo ukuudziwa. Nkhoswe ikamayankhula mwana sayankha."

Anatikhazika pansi pa mtengo wa masawu kuseri kwa nyumba. Pamipando panali bambo Fernando ndi akuluakulu ena atatu. Amayi anakhala pamphasa chapatali, Rosa ali pakati pawo, mutu wometa atafunda duku lakuda. Ine ndinakhala pansi. Achimwene anawapatsa mpando koma anaukana, nagwada pafumbi ndi suti yawo yomwe. Anapereka moni m'Chisena chosalala chomwe ndinali ndisanawamve akuyankhula kwa zaka khumi. Ndinaona akuluakulu aja akuyang'anizana mokhutira, ndipo maso anga anadzaza misozi. Mumtima ndinati, uyu ndiye mkulu wanga.

"Makolo anga," anayamba, "ine nkhani iyi ndinaimvera ku Blantyre, ndipo usiku umenewo sindinagone."

Ndinadzutsa mutu. Ndinaganiza kuti mwina ndi poyambira chabe, zoona zikubwera.

"Mng'ono wangayu ndinamulera ndekha, ndiye kulakwa kwake ndi kwanga. Anakumana ndi alendo osawadziwa bwino, anthu a m'tauni osadziwa mwambo. Pofuna kudzionetsa kwa mwana wanu, anawalozera njira ya m'mudzi muno, n'kuwasiya apite okha opanda wowatsogolera. Ndi chibwana, makolo anga, si nkhanza. Ndamukhazika pansi, ndamudzudzula, ndipo walira pamaso panga. Ndabwera kudzagwira miyendo yanu. Musamutaye."

Anayankhula nthawi yaitali, ndipo anayankhula bwino. Anatchula mayi Anna ndi dzina, anakumbutsa momwe anawalandirira ndi manja awiri mwezi wa Novembala, mpaka mawu anawanjenjemera. Amayi ena pamphasa paja anayamba kufwenthera. Chomwe chinandipweteka koposa n'choti bodza lawolo analimanga ndi zoona zanga. Zodzionetsa zija ndinawauza ndine, pafoni, ndikudandaula kwa mkulu wanga.

"Takhuta," anathokoza m'Chisena bambo Fernando achimwene atamaliza. "Mwayankhula ngati munthu wamkulu. Pakanapanda inu, mphaleyu sakanapondanso pakhomo pano. Koma chinthu chimodzi chikundisowetsa tulo. Uja anali patsogolo, woliza hutala pamaliro a mlongo wanga, munamupeza?"

"Ndinafufuza, baba," anatero achimwene osaphethira. "Ndi mzungu wina. Anabwerera kwawo."

Bambo Fernando anagwedeza mutu pang'onopang'ono, kenako anatembenukira kwa ine.

"Ndi momwemo, mphale?"

Kunangotsala liwu limodzi. Ndikanangoti ande, inde wa Chisena, mbuzi ikanalandiridwa, thobwa likanabwera, ndipo mu Epulo tikanavina. Ndinkadziwa zimenezo bwino lomwe. Ndinaona Rosa atadzutsa mutu koyamba, akundiyang'ana osaphethira. Koma ndinaonanso achimwene, ali chigwadire, akundiyang'ana cham'mbali ndi nkhope ya munthu amene wamaliza ntchito yabwino ndipo akudikira kuthokozedwa. Ndinaganiza za zaka zonse zikubwerazo, ine ndikulozedwa chala m'mudzi uno ngati wogwetsa bokosi, iwo akupatsidwa mpando wa ulemu pa ukwati wanga, pa ubatizo wa ana anga, tikayambana ndi Rosa n'kumatiweruza iwo.

"Nkhabe, baba," ndinatero. "Si momwemo. Anali patsogolo ndi awa. Alendo aja ndi anzawo, anabwera nawo ndi iwo. Ndinawauza kuti adikire pamjigo, sanadikire. Ine changa ndi njira yokha."

Pamtengo pomwe tinaimangirira, mbuzi inkazula udzu.

Achimwene sanadzidzimuke. Anapukusa mutu mwachisoni, natambasula manja. "Mwaona, makolo anga? Ndi zomwe ndimalimbana nazo zimenezi. Munthu ndabwera kudzamupepesera."

"Imbani foni kwa a Maureen!" ndinakuwa. "Onetsani zithunzi za tsiku lija zili m'foni mwanumo!"

"Khala chete, mphale," anatero mmodzi wa akuluakulu aja. "Pano si pa siteji."

Bambo Fernando anayang'ana manja awo. Atayankhula, mawu awo anali otopa, opanda ukali, ndipo ndikanakonda akanandikalipira.

"Ine sindine khoti, mafoni anu sindiwafuna. Ndikuona ana a mimba imodzi, ndipo mmodzi wa inu wanama pakhomo pomwe tangometa kumene. Ngati wanama ndi iwe, mphale, ndiye kuti ukhoza kupachika mlandu mkulu wako amene wakugwadira pafumbi, ndipo munthu wotero sindingamupatse mwana wanga. Ngati anama ndi akulu akowa, ndiye kuti nkhoswe yako ndi munthu woti anagwetsa mlongo wanga m'matope n'kubwera kudzandilirira m'maso. Mawa mwana wanga akadzavutika kwanuko, ine ndidzapita kwa yani? Ndidzamva mawu a yani?" Anaimirira. "Mbuzi yanu tengani. Zomwe tinapangana mu Novembala zathera pano."

Akuluakulu aja ananyamuka mmodzimmodzi. Achimwene anadzuka, anasasa fumbi m'mawondo, n'kudutsa pafupi nane.

"Ndinali nditamaliza kale, chitsiru iwe," ananong'ona. "Mkazi wamutaya wekha."

Anapita osacheuka, ndipo sindinawatsatire. Ndinakhala pansi pomwepo mpaka ndinamva mapazi. Anali Rosa, atamasula mbuzi pamtengo, chingwe chili m'manja. Anaima patali pang'ono monga amaimira munthu kwa mlendo.

"Rosa, sindinaname," ndinatero. "Ndikulumbira pamaso pa Mulungu."

"Ndikudziwa, a Gere."

"Ukudziwa?"

"Ndinali kumbuyo kwenikweni kwa bokosi. Podutsa anatsegula galasi n'kukuwa kuti tichoke. Ndinawaona nkhope ngati momwe ndikukuonerani inumu. Azakhali anga anagwa m'matope ine ndikuona, ndipo amene anawagwetsa ndikumudziwa. Ndakhala chete milungu itatu. Ndagona m'nyumba imodzi ndi baba akufunsa usiku ndi usana kuti anali ndani, ine osanena, kuti inu ndi ine zitiyendere. Inu mwalephera kukhala chete kamphindi kamodzi."

Anandiika chingwe m'manja osandikhudza, n'kubwerera kukakhala pamphasa ndi amayi ake.